Mbasela ya Loweruka

Chaka chimene mvula inathawa mu Januwale, chitsime cha Kalabu ya Tigwirizane ku Shimabala chinayamba kupereka madzi monyinyirika. Pofika Ogasiti pampu inkadzaza thanki kamodzi kokha pa tsiku, pamene kale inkadzaza kawiri. Kalabuyo inali ya alimi khumi ndi anayi. Kupatula tomato, amene palibe akanamukhudza chifukwa ndiye anali msana wa malonda awo, ankalima ndiwo zamasamba za mitundu inayi: repu, kabichi, chibwabwa ndi kalembula. Madzi otsala tomato akathiriridwa sakanakwanira zonsezo. Msonkhano unagamula kuti mitundu iwiri imene ogula amaikonda koposa itsale, iwiri inayo izulidwe.

Kwa ambiri chigamulochi sichinali cholemera. Mbewu ya repu ndi ya kabichi imagulidwa m'mapaketi, ndipo nthanga za maungu, amene masamba ake ndiwo chibwabwa, munthu amasunga m'botolo mpaka mvula. Koma kalembula alibe njere. Ndi masamba a mbatata, ndipo amabzalidwa ndi mphukira zaziwisi. Ukamuzula m'chilimwe n'kuuma, watha. Mabedi asanu ndi limodzi a kalembula pa dimbapo ankawasamalira Mai Clementina Daka, mkazi wamasiye wa ku Nangongwe, ndipo kalembula wawo anali wa masamba owonda, wosaterera kwambiri, amene amayi awo anabwera naye kuchokera kum'mawa ku Katete atamukulunga m'nsalu yonyowa, nthawi imene bambo awo anapeza ntchito ya njanji. Kunyumba ya lendi kumene Mai Daka ankakhala kunalibe dothi kapena madzi oti n'kusungirako ngakhale mphukira khumi. Akazulidwa pa dimba, mtundu umenewo ukanathera pomwepo.

Ntchito yofufuza zimene ogula amakonda inapatsidwa kwa mlembi wa kalabu, Boyd Hamoonga, mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi amene anaphunzira za chuma ku koleji ku Lusaka. Sanali munthu woipa, ndipo sanali waulesi. Cholakwa chake chinali chimene chimagwira achinyamata ambiri ophunzira: ankakhulupirira pepala kuposa munthu amene walilemba. Anasindikiza mafomu zana limodzi m'Chingerezi, nawagawa pa msika wa m'tauni ya Kafue, ndipo patapita sabata anabwera nazo zotsatira ku msonkhano m'kashedi ka pambali pa thanki.

Wapampando, Bambo Fanwell Miti, amene anapuma ntchito ya njanji ndipo ankayendetsa msonkhano ngati sitima, anamuuza kuti awerenge.

“Ba Cheya, nkhani ili so,” anatero Boyd. “Aliyense anapasa ndiwo nambala, kuyambira wani kufika foo. Ine nawonkhesa. Kabichi ndiye ali na malikisi yambiri, repu akonkhapo, chibwabwa chachitatu. Kalembula ndiye ali pansi.”

“Pansi penipeni?” anafunsa Bambo Miti.

“Pansi penipeni, ba Cheya. Manambala sanama.”

Anthu anayang'ana pansi, chifukwa onse ankadziwa tanthauzo lake. Mai Daka sanadandaule ndipo sanakweze mawu. Anapukuta manja pa chitenje, napempha kuti awone mafomuwo. Ena anamwetulira mobisa, pakuti ankadziwa kuti mayiwo sukulu anailekera giredi folo. Kumwetulira kotero n'kwamwano, ndipo kawirikawiri mwini wake amadzakumeza.

Mai Daka Chingerezi sankachiwerenga, koma mayina a anthu ndi manambala ankawadziwa bwino. Anatembenuza mapepala pang'onopang'ono, kunyowetsa chala ndi malovu, mpaka anaima pa limodzi.

“Mwanawe,” anatero kwa Boyd, “dzina ili si la Audrey Mweemba, wophika nshima pafupi ndi siteshoni?”

“Ni yeve, amai.”

“Audrey amatenga mipukutu khumi ya kalembula m'mawa uliwonse. Ndikachedwa amandiimbira foni kundikalipira. Apa pa kalembula walemba wani. Iwe ukuti wani ndi malikisi ochepa?”

“Fomu yakamba pamwamba apo. Foo ni kukonda maningi, wani ni kusakonda.”

“Yanena m'chinenero chanji?”

Bambo Miti anatulutsa foni, naimbira Audrey, naika kuti onse amve. Kumbuyo kwa mawu ake kunkamveka mbale ndi phokoso la minibasi.

“Ba Audrey, muli shani? Ndine Miti wa ku kalabu. Pa pepala lija la mnyamata wathu, pa kalembula munalemba wani. Munkatanthauzanji?”

“Nanga wani atanthauza chani, ba Miti? Nambala wani. Mwana wanga akabwera nambala wani ku sukulu nimamugulira nsapato, sinimumenya.”

“Nanga kabichi munamupatsa foo chifukwa chiyani?”

“Ndaba kulibe faifi. Kabichi ni ndiwo ya pa maliro.”

Anthu anaseka, ndipo Boyd anaseka nawo pang'ono ndi mano okha. Muno m'dziko mwathu mwana wopambana mayeso a giredi twelofu ndi amene ali ndi mapointi ochepa, ndipo palibe kholo limene silidziwa zimenezo. Boyd mwiniyo analowa koleji chifukwa cha mapointi ochepa. Koma tsiku losindikiza fomu anakopera kalembedwe ka m'buku lakunja, osadzifunsa kuti mayi wa pa msika wa Kafue akauzidwa kuti apatse ndiwo nambala adzamva chiyani.

Komabe sanagonje nthawi yomweyo. Ananena kuti aphunzitsi, anamwino ndi a ku Boma anawerenga malangizo ndipo analemba molondola. Bambo Miti anavomera kuti zimenezo zikhoza kukhala zoona, ndipo anati ndiye vuto lenileni: mafomu ena analembedwa chakumaso, ena chakumbuyo, ndipo panalibe wodziwa kuti ati ndi ati.

“Sitingazule munda chifukwa cha mapepala amene sitidziwa mutu wake ndi uti,” anatero. “Upange ena m'Chinyanja, ukafunsenso.”

“Bambo Miti, mundilole,” anatero Mai Daka. “Pepala lisabwerenso. Munthu akaona mnyamata wovala taye ali ndi cholembera, amayankha zoti amuone ngati wozindikira. Pakamwa pamachita ulemu. Funsani dzanja.”

“So tigawe chabe ndiwo za mahala, tione zamene batenga?” anafunsa Boyd.

“Iyayi. Mphatso ili ndi manyazi. Ukauza munthu kuti sankhani, ndakupatsani, amatenga chonyozeka kuti asaoneke wadyera. Koma pali chinthu chimodzi chimene wogula sachita nacho manyazi, mpaka amachita kuchikumbutsa yekha ukaiwala. Mbasela.”

Mbasela ndi kaja kamene wogulitsa amawonjezera pamwamba wogula atagula kale, ndipo pa msika wa Kafue amaiyesa ufulu, osati chifundo. Mai Daka anafotokoza maganizo awo mosathamanga. Kalabu inali ndi tebulo la tomato pa msika. Aliyense wogula mulu wa tomato aonetsedwe timipukutu tiwiri ta ndiwo, tofanana kukula, auzidwe kuti mbasela yake ndi kamodzi. Asapatsidwe zinayi nthawi imodzi, chifukwa maso amasokonezeka. Ziwiri zokha, ichi kapena icho. Chimene dzanja latenga, njere ya chimanga igwe m'chitini chake.

Boyd anawerenga ndi zala pa bondo. Kenaka nkhope yake inasintha.

“Ndiwo zinayi, ziwiriziwiri, zichita magulu sikisi,” anatero. “Mande kufika Satade. Ba Cheya, ichi ndiye chamene anatiphunzisa chaka choyamba, ine ninaiwala. Kukoma kwa chinthu kulibe sikelo. Sungakambe kuti repu akoma makilo yatatu, kabichi kilo imozi. Wogula angakuuze chabe chamene chiposa chinzake. Wani, tuu, fili ni malo pa mzere, si malikisi yowonkhesa. Ine ninatenga malo pa mzere nayawonkhesa monga masaka ya chimanga.”

“Ndiye kuti ngakhale onse akanalemba chakumaso, ukanalakwabe?” anafunsa Bambo Miti.

“Nikanalakwa mwaulemu, ba Cheya, koma nikanalakwa.”

Kuvomera kotere pamaso pa anthu si chinthu chapafupi kwa mnyamata wa satifiketi, ndipo kuyenera kulembedwa kumbali yake. Anapempha chinthu chimodzi chokha, ndipo chinali cholungama: kuti Mai Daka asaime pafupi ndi tebulo sabata yonseyo, pakuti ogula ambiri ankawadziwa ndipo akanatenga kalembula pofuna kuwasangalatsa. Mai Daka anavomera. Anagwirizana kuti wogulitsa akhale Melody Shamabanse, membala amene analibe bedi la masamba lakelake, Boyd aziponya njere, ndipo Bambo Miti azitsegula zitini msika ukatha, dzuwa lisanalowe.

Lolemba anaika kalembula ndi kabichi. Kalembula anatha nthawi ya nkhomaliro isanakwane, kabichi anafota pa tebulo. Lachiwiri repu anaposa chibwabwa. Masiku awiriwo Mai Daka anali ku Shimabala, akuthirira mabedi awo ndi kheni, chifukwa kufikira chigamulo chitatuluka madzi ankagawidwa pang'onopang'ono kwa onse. Zotsatira ankazimva madzulo Melody akawaimbira.

Lachitatu anaika kalembula ndi repu, ndipo repu anapambana ndi njere zisanu ndi ziwiri. Melody anazengereza kunena.

“Nena, mwanawe, sindine mwana,” anatero Mai Daka. Atamva, anangoti: “Repu amapsa msanga ndipo safuna luso. Anthu a ntchito ali ndi chifukwa chawo.” Anatseka foni, napitiriza kuzula udzu.

Lachinayi m'mawa Boyd anauza Bambo Miti kuti tsikulo likhoza kudumphidwa. Ngati repu waposa kalembula, ndipo kalembula waposa kabichi, ndiye kuti repu ayenera kuposa kabichi. Mwa munthu woganiza bwino, anatero, zokonda zimayenda mzere umodzi, sizizungulira. Anawonjezera kuti pagulu la anthu ambiri nthawi zina mzerewo umapindika, koma sizichitika kawirikawiri.

“Ku njanji,” anatero Bambo Miti, “ngakhale udziwe kuti sitima sikubwera, umayang'anabe mbali zonse. Ika ndiwo pa tebulo.”

Repu anaposa kabichi monga Boyd ananenera, ndipo mnyamatayo anayenda pang'ono mowongoka tsiku limenelo. Lachisanu chibwabwa nachonso chinaposa kabichi. Tsono zinthu zinaonekera poyera. Repu anali atatenga malo oyamba, kabichi otsiriza. Malo achiwiri, amene anali malo omaliza a madzi, anatsala pakati pa kalembula ndi chibwabwa, ndipo ziwirizo zinali zoti zikumane Loweruka.

Lachisanu lomwelo madzulo, Mai Daka potsika minibasi anapeza Audrey akuwadikira pa siteji, manja ali m'chiuno, epuloni ili ndi ufa.

“Ba Clementina, namvela kuti mailo ndiye fainolo.”

“Wamva bwino.”

“Chibwabwa ni choopsa, musachione so. Satade bantu bali na nthawi yosenda, bafuna chibwabwa chotendela. Manje mvelani. Ku kwaya tili bazimai twente-faifi. Nizabauza bonse babwele bagule tomato, aliyense atenge kalembula. Kaili ni ogula nabo. Kulibe bodza apo.”

Kungakhale kunama kunena kuti mawuwo sanawakomere Mai Daka. Anaganizira mabedi asanu ndi limodzi, ndi mmene masamba owondawo amaweramira dzuwa likakula. Anthu makumi awiri ndi asanu akanatha nkhani yonse, ndipo palibe akanadziwa.

“Akwaya ako amagula tomato pa tebulo lathu masiku onse?” anafunsa.

“Benangu. Benangu bagula ku Nangongwe.”

“Ndiye amene amagula kwathu abwere monga amabwerera, ndipo usawauze kanthu. Enawo asiye.”

“Imwe mwe, nifuna kukuthandizani.”

“Ndikudziwa, ndipo Mulungu akudalitse. Koma ine ndinaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti pepala la mwana uja linanama. Ndikapanga kuti chitini chiname, ndasiyana naye pati? Iye analakwa osadziwa. Komanso taganiza, Audrey: tikathirira ndiwo imene anthu saifuna, anthu khumi ndi anayi adzaigulitsa kwa yani mu Okutobala? Kwa kwaya?”

“Nanga kalembula akaluza, ine nizaphikila chani makasitoma banga?”

“Udzaphika chibwabwa, uzindikalipira ndili ndi mtima woyera.”

Audrey anapukusa mutu nati anthu a kum'mawa ndi ouma ngati njanji imene inawabweretsa. Mai Daka anamuyankha kuti njanjiyo ndi imene imamubweretsera makasitomala, ndipo anasiyana akuseka. Koma pofika kunyumba mayiwo chakudya sanachikhudze kwenikweni.

Loweruka msika unadzaza kuyambira m'mawa. Kunabwera antchito amene anali pa tchuthi, asodzi ochokera kumtsinje, ndi azimayi ogulira ndiwo za Sabata. Melody ankathira tomato m'pulasitiki, kenaka n'kukweza timipukutu tiwiri.

“Mbasela yanu, amai. Kamozi chabe.”

“Bwanji osati tonse tubili?”

“Ni mbasela, si ukwati.”

Ena ankatenga osayang'ana kawiri. Ena ankanunkhiza, kutembenuza masamba, kubweza, n'kutenganso. Bambo wina wa njinga anaimbira mkazi wake kumufunsa, ndipo Boyd anafuna kukana njere imeneyo. Melody anamuuza kuti wophika ndiye wasankha, njereyo ndi yabwino kuposa zonse. Zitini zinali zotsekedwa, zoboola pamwamba, moti ngakhale Boyd woponyayo anataya chiwerengero dzuwa lisanafike pamutu. Audrey anabwera yekha, nagula mulu umodzi monga mwa masiku onse, natenga kalembula, namuyang'anitsitsa Boyd.

“Lemba wani,” anatero.

“Namvela, amai.”

Mai Daka anasunga pangano mpaka kumapeto. Anakhala pa benchi ya ku siteshoni ya sitima, kutali ndi msika, mpaka ola la folo pamene Melody anawatumizira uthenga kuti malonda atha. Anayenda osathamanga. Pa tebulo anapeza mamembala ambiri a kalabu atafika, pamodzi ndi amalonda oyandikana nawo amene sabata yonse ankatsatira nkhaniyi ngati mpira.

Bambo Miti anayala nsalu yoyera, natsegula chitini cha chibwabwa, nawerenga njere mokweza, khumikhumi. Zinakwana makumi anayi ndi zitatu. Anthu anang'ung'udza, chifukwa chinali chiwerengero chachikulu kuposa cha masiku ena. Kenaka anatsegula cha kalembula. Anasanja mulu woyamba, wachiwiri, wachitatu, wachinayi. Pansaluyo panatsalabe njere zambiri, ndipo asanamalize mulu wachisanu Melody anayamba nthungululu. Bambo Miti anakweza dzanja kuti akhale chete, nawerenga mpaka njere yotsiriza, pakuti ntchito yoyambidwa mwadongosolo iyenera kuthanso mwadongosolo.

“Makumi asanu ndi limodzi, kudza imodzi,” anatero. “Repu woyamba, kalembula wachiwiri, chibwabwa chachitatu, kabichi wachinayi. Madzi apita kwa repu ndi kalembula. Mlembi, lemba.”

Pamenepo nthungululu zinamveka mpaka ku minibasi. Azimayi a matebulo oyandikana anavula zitenje zapamwamba n'kuziyala pansi kuti Mai Daka apondepo, ndipo mmodzi wogulitsa nsomba za kapenta anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, ena n'kuyankha. Mai Daka anaponda zitenjezo chifukwa kukana kukanakhala kunyoza, koma sanavine. Anapita kwa amene ankasamalira mabedi a chibwabwa ndi a kabichi, nawagwira chanza mmodzimmodzi ndi manja awiri.

Boyd analemba zotsatira m'buku la kalabu, ndipo atamaliza anaima pamaso pa mayiwo, atavula kapu.

“Amai, nipempha chikhululukiro. Sembe mwangokhala zii siku ija, sembe tinazula.”

“Ukanazula iwe ndi manja ako?”

“Sembe ninatuma bena,” anavomera.

“Ndiye vuto la cholembera limenelo. Chimazula osadetsa manja.” Kenaka nkhope yawo inafewa. “Koma sabata ino wagwira ntchito yoona, ndipo sunabise njere ngakhale imodzi. Za magulu asanu ndi limodzi zija ine sindikanaziwerengera. Wakhululukidwa.”

Bambo Miti anakumbutsa onse kuti mabedi a kabichi ndi a chibwabwa akazulidwa, theka lake lipita kwa kalembula, ndipo pafunika anthu odula mphukira ndi kubzala dzuwa lisanakule. Anafunsa amene angabwere Lolemba. Manja anakwera asanu ndi atatu, ndipo la Boyd linali pakati pawo.

“Udziwa kudula mphukira?” anafunsa Mai Daka.

“Iyai, amai.”

“Ubwere sikisi koloko ndi mpeni wakuthwa. Umawerenga mfundo zinayi kuchokera kunsonga, n'kudula pansi pa yachinayi. Ziwiri zimalowa m'dothi, ziwiri zimatsala kunja. Nsapato zimenezo uzisiye kunyumba.”